Fuliji ya ku Ngala

Chaka chimene achemwali anga anabwerera kwathu ku Kanyenda ndi ana awo, banja lawo litatha, n'chimene tinatsegula malo odyera pa Dwangwa. Ganizoli linali lawo. Ine ndinkangogulitsa mandasi m'mbali mwa msewu, koma iwo anati odula nzimbe ndi madalaivala a minibasi amafuna pokhala pansi, osati kudya ali chilili. Tinapeza kachipinda kuseri kwa msika, mabenchi anatikhomera amalume, miphika tinatenga ya amayi. Chinatsala ndi fuliji, poti kuno kukatentha nsomba yogula m'mawa sifika madzulo.

Bambo wina wa golosale anali ndi mafuliji obwereketsa, olipira pamwezi. Anatilandira bwino, koma anati tsiku lililonse akaifuna adzabwera kudzatenga, ndipo zakumwa zoikamo tizigula kwa iye yekha. Titatuluka achemwali anati, "Ndangochoka kumene m'nyumba imene ndinkauzidwa chochita. Zimenezo ndiye ayi."

Mtima wawo unali pa yatsopano imene inali m'sitolo ina ya pamsewu, yoyera, ikadali m'mapulasitiki ake. Tikamapita kukapenta kachipinda kathu ankadzera pomwepo, n'kutsegula chitseko chake, n'kununkhiza m'kati. Mwini sitolo anachita kuzolowera, ankangowasiya. Koma tikanagula imeneyo sitikanatsala ndi kogulira mpunga ndi mafuta oyambira.

Kenaka tinamva kuti loji ina ku Ngala ikugulitsa katundu wa kukhitchini. Tinapita ndi bambo athu. Fuliji yake inali yaikulu, yogona, yotsegula pamwamba, m'munsi itachita dzimbiri ndi chinyezi cha nyanja, koma ikuzizira mpaka kuumitsa madzi. Bambo anaizungulira, n'kufunsa wophika wa pamalopo, "Munkasungamo chiyani muno?"

Wophikayo anayamba wayang'ana kofia imene bambo anavala. "Nsomba, nkhuku. Alendo akafuna, nkhumbanso. Sindingakunamizeni, bambo."

Bambo anangogwedeza mutu. Ife ndife Asilamu, ndipo ambiri amene tinkadalira kuti azidzadya kwathu anali omwe bambo amaswali nawo.

Tsiku limenelo tinabwerera osaigula. Kunyumba ndinawapeza achemwali kuseri akusenda chinangwa.

"Za nkhumbazo a shehe atiuza chochita, achemwali," ndinatero.

"Si nkhumba iyayi, iwe," anayankha osadzutsa mutu. "Zovala ndavala za kaunjika chibadwire. Mwamuna amene anandikwatira anali woti mnzanga anakhala naye kale. Ndimafuna kamodzi kokha ndikhale woyamba ine kugwira chinthu."

Ndinatenga mpeni wina n'kuyamba kusenda nawo.

A shehe anati titsuke bwinobwino, ndipo tisabise kwa anthu kumene yachokera. Tinaigula. Tinaitsukira panja, pakhonde pa kachipinda kathu, aliyense wodutsa akuona, dothi kaye monga a shehe ananenera, kenaka sopo ndi madzi otentha. Amene anakwecha kwambiri anali achemwali omwewo, atalowetsa mutu ndi mapewa m'kati, miyendo ikulendewera. Atatuluka, mpango wawo uli thope lokhalokha, anandiyang'ana n'kuyamba kuseka. Za yatsopano ija sanatchulenso, ndipo pa sitolopo anasiya kudzerapo.

Miyezi yoyamba ena ankangosuzumira n'kupitirira. Bambo ankabwera okha Lachisanu lililonse potuluka ku mzikiti, n'kukhala pa benchi ya pakhomo, kudya mpunga wa nsomba pang'onopang'ono. Pakupita kwa nthawi anzawo anayamba kuwatsatira.

Masiku amenewo ndi amene ndimawasowa. Magetsi akazima tinkaifunditsa bulangete ngati wodwala malungo, n'kuletsana kutsegula. Anthu a nkhomaliro akatha, tinkakhala pamwamba pake awirife, kukuzizira m'munsimu, tikumwa thobwa lotsala ndi kujeda amene wadya ndiwo zambiri. Sindinawaonepo achemwali akunenepa ndi kuwala nkhope ngati zaka zimenezo.

Ana a achemwali atafika ku sekondale, phindu la pamalopo linachepa kuti lidyetse mabanja awiri. Achemwali anapita ku Joni, komwe akugwira ntchito m'nyumba ya anthu. Anati akakhala zaka ziwiri zokha; mwana wawo woyamba anamaliza sukulu kalekale. Bambo anamwalira iwo ali komweko, maliro anangowamvera pa foni. Ine ndikuphikabe pamalo omwewo, ndi mayi wina wa ku Ngala amene amandithandiza.

Nthawi zina achemwali amaimba foni masana, anthu ali m'kati modya. Ndikawauza kuti ndatanganidwa, amati, "Usadule. Ingoika foniyo patebulo." Ndimaiika pafupi ndi beseni losambira m'manja, n'kubwerera ku moto. Iwo amangomvera mbale zikugundana, wina akuitanitsa tsabola, kondakitala akukuwa za ku Nkhata Bay panja, mpaka mayunitsi awo atatha.