Singano Ili pa Chabwino

Ndikukumbukira kavaneti koyera ka atate, kagalimoto kamene kankanyamula chimanga, makala ndi odwala a m'mudzi mwathu kufupi ndi Mpanshya. Zenera la mbali ya amayi silinkatsekeka, ndipo chitseko ankachimanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Komabe tikakwera, ine ndinkaponya dzanja kwa anzanga ngati mwana wa bwana.

Chaka china mu Okutobala kanayamba kuwira pa zitunda za ku Rufunsa. Atate anapita nako kwa ba Mwape, makanika wa pansi pa mtengo ku Chongwe. Iwo anatsuka radiyeta, nazulanso kachitsulo ka sipuling'i kotchedwa temositati, kamene kamatsekera madzi mu injini mpaka itatentha, kenako n'kuwatsegulira njira.

"Aka ni ka ku vyalo va mphepo," anatero ba Mwape, kutanthauza maiko ozizira. "Kuno kwathu kavutitsa chabe."

Atate anabwerako akuyimba mluzu. Singano yoonetsa kutentha kwa injini tsopano inkagona pa chilembo cha C osagwedezeka. Aliyense wokwera ankamuuza kuti C ndi Chabwino, ndipo H ndi "Haa, tapsa!" Ine ndinakhulupirira ndi mtima wonse, mpaka ndinakangana nazo kusukulu. Kachitsulo kaja amayi, amene sankataya kanthu, anakamangirira pa chingwe kuti kazikoka chitseko cha khola la nkhuku.

Mu Juni amayi anaitanitsa anapiye a nkhuku zachizungu, a tsiku limodzi. Anali atawalakalaka nyengo yonse yokolola, khola atalizira bwino, ndipo azimayi anzawo anali atawaseka kale kuti nkhuku zimenezi zimafa ukangoyetsemula. Tinakawatenga ku Chongwe m'mawa. Katoni anaiika pa miyendo panga chifukwa ine ndinakhala pakati, ndipo ndinkamva tizikhadabo tikukanda pansi pake. Phokoso lawo linali logonthetsa m'khutu, fungo lawo la gaga ndi nthenga zonyowa.

Tsikulo dzuwa linakana kutuluka. Mphepo inkalowa pa zenera lija n'kutibaya m'mafupa. Titayenda ndithu ndinazindikira kuti ndikumva injini yokha. Ndinasuzumira pa kabowo, n'kuona anapiye ataunjikana pa ngodya, ena atatsinzina, mitu ili pansi. Ndinachita mantha kwambiri.

"Amayi, aleka kulira."

Amayi anayang'ana kamodzi kokha, n'kuuza atate kuti ayatse hita, tifundeko. Atate anapotokola kabatani monyadira, koma munatuluka mpweya wozizira kuposa wa panja. Anamenya pamwamba pake ndi chikhatho, osathandiza.

"Koma motoka ili bwino," anatero atate akuloza singano. "Onani, ili pa Chabwino."

"Chabwino cha ndani?" anayankha amayi. "Imani pa Chinyunyu."

Pa Chinyunyu madzi amatuluka pansi ali otentha, ndipo m'mawa wozizira nthunzi imafuka pamwamba pa udzu. Amayi anapempha mabotolo opanda kanthu kwa azimayi ogulitsa chakumwa cha munkoyo m'mbali mwa msewu, ndipo tinathamanga nawo kukatunga. Madziwo ankanunkha ngati dzira lowola, zala zanga zinafiira. Amayi anakulunga mabotolo m'zidutswa za chitenje chawo chatsopano, chimene anang'amba osaganiza kawiri, n'kuwayala m'mbali mwa katoni. Kamwanapiye kena kamene kanali katagona chammbali anakalowetsa m'diresi mwanga, pachifuwa.

Atate nthawi yonseyi anali atatsegula boneti. Ndinawaona akugwira paipi ya madzi ndi dzanja lopanda nsalu, koma ngakhale tinali titayenda ulendo wonse uja inali yofunda pang'ono chabe. Anaima nthawi yaitali akukanda chibwano. Kenako anadula chivundikiro cha katoni ina n'kutchinga theka la radiyeta kuti injini itenthe.

Tisanafike pa mphambano ya ku Mpanshya, kamwanapiye kaja kanandijompha. Posakhalitsa katoni yonse inayambanso phokoso, ndipo sindinamvepo nyimbo yokoma ngati imeneyo. Amayi anapukuta maso ndi chitenje chong'ambikacho, n'kunamizira fumbi.

Titafika, atate analunjika ku khola, namasula kachitsulo kaja. Anakaponya mu poto wa madzi otentha pa mbaula, tonse titazungulira. Madzi atatsala pang'ono kuwira, kanayasamula pang'onopang'ono ngati mwana wodzuka ku tulo. Atakavuula kanatsekanso.

"Kansi kali moyo," anatero atate motsitsa mawu.

Tsiku lomwelo anakabwezera m'malo mwake. Singano inakwera n'kuima pakati, hita inayamba kufunda, mafuta anayamba kukhalitsa, ndipo Okutobala wotsatira galimoto sinawire, poti vuto linali radiyeta yakuda ija. Nkhuku zinakula, azimayi oseka aja n'kumabwera kudzafunsa nzeru. Chitseko cha khola tinkachitseka ndi mwala.

Lero ndili ndi galimoto yanga. Amakanika ambiri akadali ndi mawu omwe aja a ba Mwape, ndipo ndikawakaniza kuzula temositati amandiyang'ana ngati mzimayi wosamva. Sindikangana nawo, ndimangokumbukira katoni ili zii pa miyendo panga. Galimoto za masiku ano zina zilibenso singano, koma kanyali kobiriwira kamene kamazima injini ikatentha.

Juni wathayu ndinatenga atate kupita nawo ku chipatala. Akalamba tsopano, ndipo amamva mphepo msanga. Tikudutsa pa Chinyunyu anasuzumira kutsogolo kwanga, akufunafuna ndi maso.

"Nanga Chabwino chili kuti umu?"

Ndinatenga dzanja lawo lozizira n'kuliika pa hita. Analisiya pomwepo mpaka tinafika.