Masuku a m'Zitini

Chaka chimene ndinabereka mwana wanga woyamba, bambo ake ankagwira ntchito yocheka matabwa pafupi ndi koleji ya zankhalango, m'munsi mwa phiri. Masana aliwonse ndinkawapititsira chakudya mwana ali kumsana, ndipo njira yachidule inkadutsa kuseri kwa khitchini ya kolejiyo. Nyengo ya masuku ndinkasenzanso dengu, n'kukakhala pageti kuti ophunzira azigula akamatuluka m'kalasi.

Kuseri kwa khitchiniko kunali dzala lalikulu. Ankatayako zitini za mkaka, za jamu ndi za mafuta, makoko a mbatatesi, masamba a kabichi, mabotolo osweka, zonse pamodzi. Mvula isanayambe chaka chimenecho, gulu lina la ophunzira linayamba kufukula dzala lija. Zowola anaziika m'dzenje lakelake kuti zisanduke manyowa. Zitini anazitsuka, kuziboola pansi ndi msomali, n'kuzindandalika pansi pa chisakasa cha udzu chimene anamanga okha. Ngakhale madzi otsukira mpunga sankatayikanso, ankawasunga mumgolo.

Chimene ankafuna ndinachimva kwa ophika a pakolejipo. Pamwamba pa mudzi wathu pali malo otsetsereka amene kale anali misuku yokhayokha. Ndi kumene amayi tonse tinkatola masuku, ndipo mvula ikagwa tinkazulako bowa. Moto wolusa unatentha malowo, mitengo yambiri n'kuuma, ndiye akuluakulu a koleji anaganiza zodzalapo paini. Ife tonse tikudziwa kuti pansi pa paini sungatolepo chodya. Ophunzira aja anapempha kuti awalole kubwezerapo misuku. Mkulu wa koleji anawayankha kuti machubu apulasitiki ofeseramo mbande alipo a paini basi, iwo aone pogwira, ndipo akapanda kuonetsa mbande zamoyo pofika Pasaka, malowo alembedwa a paini.

Tsiku lina ndikudutsa ndinaona njere za masuku zitayanikidwa pa malata, padzuwa la Novembala. Zinali zambiri, zotsukidwa bwino, ndipo wina ankazitembenuza ndi kamtengo ngati akuyanika mphale. Njere ya suku ikauma yafa. Zimenezi ndinazidziwa ndili mtsikana, poona kuti zomera ndi zimene timalavula pansi pa mtengo, pa dothi lonyowa, osati zogonera pabwalo. Koma ndinangodutsa, maso pansi. Iwo anali anyamata a nsapato zopolisha, olankhula Chingerezi ngakhale pokangana, pamene ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4.

Madzulo ndinawauza bambo a mwana.

"Ndiye mukufuna mukawaphunzitse?" anandifunsa akusamba m'manja.

"Ayi, ndimangonena."

"Muzingonena muno momwemo. Amene aja mawa akhala mabwana a nkhalango yonseyi. Masiku ano munthu amatengedwa chifukwa cha pakamwa. Inu muzingoonetsetsa kuti khadi ya chipani ili pamfundo ya chitenje, mugulitse masuku anu, mubwere."

Sanali kulakwa ayi. Ndinakhala chete milungu isanu. Tsiku lililonse ndinkaona zitini zija zikuthiriridwa m'mawa, ndipo chomera munali bonongwe ndi kaudzu basi. Khirisimasi inadutsa. Masuku anayamba kusowa, moti kuti dengu lidzale ndinkakwera mpaka kumiyala ya pamwamba, kumene moto sunafike. Ndinkawerengera mumtima kuti pakangotha milungu iwiri sikudzakhalanso suku lililonse mpaka chaka chamawa, ndipo chaka chamawacho paini adzakhala atalowa kale.

Lolemba lina ndinapeza ophunzira atatu akukangana pa nazale yawo ija. Wamtali, amene anali mtsogoleri wawo, anali atakhuthula chitini chimodzi m'dzanja. Wina wamagalasi anali ndi buku kukhwapa. Wachitatu, wonenepa, wolankhula Chichewa cha ku Mpoto, anakhala pamgolo akugwedeza miyendo.

"Ndinanena ine kuti manyowa achuluka," anatero wamagalasi.

"Iwe unanena liti? Si iwe unkasenza ndowa ziwiriziwiri ngati ukupita kukafunsira mbeta?"

"Achimwene, tingodzalamo tomato," anatero wonenepa uja. "Mkulu akabwera tidzati ndi misuku yamakono."

Atandiona anandikodola. "Mayi, bwerani nawo kuno masukuwo, mwina tingatonthoze mtima."

Ndinatula dengu n'kugwada. Wamtali uja anali akadagwira njere yakuda, yofota. Sindikudziwa chimene chinandikankha. Mawu anangotuluka, aang'ono kwambiri.

"Njerezo munazipha pa malata paja."

"Mwati bwanji, mayi?"

Ndinafuna kunena kuti palibe. Koma onse atatu anali atandiyang'ana, ndiye ndinabwereza, maso ali padengu. Ndinati njere ya suku siyanikidwa, imafuna ichoke m'kamwa n'kulowa m'dothi tsiku lomwelo.

Wamagalasi anatsegula buku lake. "Komatu muno analemba kuti njere zizitsukidwa, ziume bwino, kenako..."

"Tawerenga pamwamba pa tsambalo," anatero wamtali.

Wamagalasi uja anawerenga chamumtima, n'kutseka bukulo pang'onopang'ono.

"Ndi za paini eti?" anafunsa wonenepa, ndipo anaseka mpaka anatsala pang'ono kugwera mumgolo. "Milungu isanu tikuthirira maliro! Mayi, inu munaphunzira kuti zimenezi?"

"Pansi pa mtengo," ndinayankha. Anasekanso, koma sikunali kundiseka ine, ndipo ndinamva manyazi akuchepa.

Wamtali anakhala pansi penipeni, pa dothi, thalauzi yake yoyera ija osaisamala. Anati ndiwauze zonse. Ndinawauzanso za dothi. Kwathu ndinayesapo kuokera timisuku kuseri kwa nyumba. Timene ndinatizula opanda dothi tinkachita chikasu n'kufa, ngakhale pa dzala pamene pali chonde. Timene tinapulumuka ndi timene ndinabwera nato ndi dothi la pansi pa mayi wake. Chifukwa chake sindinkachidziwa, ndinkangodziwa kuti zimatero.

Anagula dengu lonse. Wonenepa anathamangira ku malo awo ogona n'kubwera ndi anzawo, ndipo anakhala mozungulira beseni. Lamulo linali lakuti aliyense adye, njere alavulire m'besenimo, osameza, osataya. Sindinaonepo anthu ophunzira akudya chonchija, madzi a masuku akuyenderera m'zigongono.

"Iwe, wameza imodzi, ndakuona!"

"Imeneyo ikamera m'mimba tidzakudzala iweyo kuphiri."

"Ine mimba yadzaza, achimwene."

"Idya! Ukudyera dziko."

Mwana wanga anadzuka ndi phokosolo n'kuyamba kulira, ndipo wina anamupatsa suku losenda kuti aziyamwa. Njere tinaziphimba ndi chiguduli chonyowa. Tsiku lomwelo, dzuwa litapendeka, ndinawatsogolera kumiyala ya pamwamba kuja, iwo atanyamula matumba a ufa akale ochokera kukhitchini. Ndinawaonetsa popala, dothi lakuda la pamwamba lokhala ndi masamba owola, osakumba mozama kuti asadule mizu. Potsika ankaterereka ndi nsapato zawo zija, mpaka ena anazivula n'kuzikoleka m'khosi.

Bambo a mwana atamva anangopukusa mutu. Koma m'mawa mwake anandisiyira matumba awiri pakhomo.

Milungu iwiri imeneyo ndinkakwera phiri tsiku lililonse, ndipo amayi anzanga awiri atamva cholinga chake anayamba kundiperekeza. Masuku atatheratu, zitini zonse zinali zitadzalidwanso. Kenako kunali kudikira. Ndinkadutsa pa nazale paja mwendo ukulemera, ndikuganiza kuti zikapanda kumera ndidzayenda njira iti popititsa chakudya.

Mlungu wachitatu uli pakati, wamagalasi anandichingamira kunjira akuthamanga, buku alibe.

"Mayi! Mayi, tabwerani mudzaone ana anu!"

M'zitini munali timitu tobiriwira, tina titasenzabe khoko la njere ngati chipewa. Sizinamere zonse, koma mizere yambiri inali yamoyo. Ndinakhala pansi n'kuphimba kumaso ndi chitenje, chifukwa sindinkafuna aone kuti ndikulira.

Mkulu wa koleji anabwera kutatsala masiku ochepa kuti Pasaka ikwane. Anali bambo aimvi, osakonda kuseka. Ophunzira anandiumiriza kuti ndikhalepo, ndiye ndinaima kumbuyo kwa chisakasa, pafupi ndi mgolo. Mkuluyo anayenda mzere ndi mzere manja ali kumbuyo. Anatola chitini chimodzi cha jamu, kuchigogoda, n'kutulutsa mbande ndi dothi lake lomwe. Anayang'anitsitsa mizu nthawi yaitali.

"Anakuuzani ndani zokatenga dothi la pansi pa misuku?"

Wamtali akanatha kunena kuti anaganiza okha. Koma anatembenuka n'kundiloza ndi dzanja lonse. "Ndi mayi awa, bwana. Ife tinali titapha njere zonse."

Ndinayandikira n'kugwada, koma mkulu uja anati ndiimirire. Anandifunsa mmene ndinadziwira, ndipo ndinafotokoza za timisuku ta kuseri kwa nyumba yathu. Iwo anandionetsa timaulusi toyera tokuta mizu ya mbande ija. Anati timeneti ndi mtundu wa bowa umene umadyetsa mtengo, ndipo popanda iwo msuku sukula. Kenako anayang'ana ophunzira aja.

"Zimenezi ndinakuphunzitsani chaka chatha. Munalemba pa mayeso, munakhoza, n'kuzisiya m'kalasi momwemo." Anabwezera mbande ija m'chitini mosamala, n'kukanikiza dothi ndi chala. "Malo aja ndi a misuku. Muwasamale."

Anyamata aja anadikira mpaka mkuluyo atakhota pakona ya khitchini. Kenako kunali kulumpha, kukumbatirana, wonenepa akuimba mgolo ngati ng'oma. Ophika anatuluka ndi zikho m'manja, ndipo mmodzi wa iwo, mayi wachikulire, analuluta. Nanenso ndinapezeka ndikululuta, pamaso pa amuna onsewo, mwana akudumphadumpha kumsana.

Tinadzala mvula yotsatira itakhazikika. Mudzi wonse unakwera, amayi atasenza zitini m'malichero, abambo ndi makasu, ophunzira akuyeza mipata ndi chingwe. Mitengo ina inauma m'chilimwe choyamba, ina mbuzi zinadya nsonga, koma yambiri inagwira. Pano yandipitirira m'chiuno. Sinayambe kubereka, msuku suthamanga. Mwezi wa Julayi ukafika, udzu usanaumitsitse, amayi a m'mudzi mwathu timakwera ndi makasu kukalambula njira yotchinga moto kuzungulira malo onsewo, ndipo amene amayenda khomo ndi khomo kukumbutsa anthu tsiku lake ndine.