Thunthu la Nthochi pa Bua

Mvula ya Febuluwale ikamagwa kumapiri a Ntchisi simatumiza mthenga. Kumudzi dzuwa likhoza kumawala, nkhuku zikupalasa pabwalo, pomwe kumtunda mitambo yakhuthula kale. Madzi amatsika m'makhwawa, nkudzampeza munthu ali pakati pa mtsinje. Nyengo yotere imafuna kuti wowoloka ayambe wayang'ana kumapiri asanaponde m'madzi. A Faines ankazidziwa zimenezi kuyambira ali mwana. Koma tsiku limenelo anali atasenza dengu la maungu, khosi silinatembenuke, ndipo mtsinje wa Bua unawatenga.

Amuna awo, a Elifala, anali mkamwini m'mudzimo. Kwawo kunali ku Nkhotakota. Anakwera mapiri ali mnyamata kudzagwira ntchito ya fodya, anakwatira, osabwereranso. Khasu linkawakana, mizere yawo inkakhota ngati njira ya woledzera. Koma anagwetsa mbawa nasema bwato, nayamba kuwolotsa anthu: odwala, amayi opita kuchigayo, njinga, mbuzi zomangidwa miyendo. Chaka chimene sukulu inakhala yaulere, bwatolo linkadzaza ana m'mawa uliwonse, ena aakulu ndevu zitayamba kumera.

M'mudzi monse munthu mmodzi yekha sanalowemo.

"Ine ndilowe mumtondo wanuwo? Ndine chimanga?" ankatero a Faines. "Ndinabadwa ndi miyendo, bambo a Vinsenti."

Ankakweza chitenje mpaka m'maondo, nkuwolokera pamiyala ya kumtunda kupita kudimba lawo la tsidya. Vinsenti anabadwa, anakula, anapita kukasaka ntchito ku Mponela, amake akuwolokabe ndi miyendo.

Anthu anafunafuna m'mbali mwa mtsinje mpaka mapazi anatupa. Sanapeze kanthu, ngakhale dengu. Pasiwa anthu analira mpaka mawu anasasa, ndipo unali mwezi wa njala, ufa wodyetsa olira unali kutha. A Isake, mchimwene wa a Faines, amene anali mwini mbumba, anawaitanira a Elifala kuseri kwa nkhokwe.

"Alamu, madzi akakana kubweza munthu, mwambo mukuudziwa. Adzukulu akadule thunthu la nthochi, tiike limenelo m'manda. Anthu abwerere kuminda."

"Mkazi wanga si nthochi," anatero a Elifala. "Mundipatse lero lokha. Oyenda pamtunda saona zimene zili pansi pa bango. Dzuwa likapendeka ndisanawapeze, zichitike zimene mwanenazo."

A Isake anavomera ndi mutu.

"Ndipita nawo. Ndi mlongo wanga."

Ananyamuka chifunga chisanachoke pamadzi. Mtsinje unali wofiira, utanyamula mapesi, nthambi ndi thovu. A Isake, munthu wamkulu thupi, woopedwa pamilandu, anakhala pansi m'bwatomo atagwira uku ndi uku, zala zitauma.

"Chikugwedezeka ichi, alamu!"

"Mukugwedezeka ndinu. Bwato lili phee."

"Mukandimiza, mbumba yonse idzakusenzetsani katundu wanu."

"Katundu wanga ndi amene mwakhalirayo."

A Isake anayamba kuseka, koma kusekako kunathera panjira.

A Elifala sankapalasa kwenikweni. Ankangowongolera ndi nkhafi, kulisiya bwato litsate kumene madzi akukankhira zinyalala, poti kumene kwapita phesi nkumene kwapita munthu. Pamakhotakhota onse ankaima, nkupisa nsungwi yaitali pansi pa bango. Akakowa oyera ankauluka patsogolo pawo, kutera, kuulukanso. Zisa za atchete zolendewera m'munsi zinali zitamira, eni ake akulira pamwamba, ena atayamba kale kuluka zatsopano.

Pamwala wina panaima nantchengwa, mutu wake ngati nyundo. Analira kawiri. A Isake analavula m'madzi.

"Mbalame ya maliro iyo."

"Yachedwa," anatero a Elifala. "Uthenga tinaumva kale."

Chifunga chitachoka, kunatentha. Anadutsa minda ya anthu imene madzi anaigoneka, chimanga chitagwada m'matope chili ndi ngayaye. Katumbu anatumphuka pafupi ndi bwato, nsomba ili kukamwa, anawayang'ana ndi timaso take tonyowa, namira. A Elifala anakumbuka mmene a Faines ankatukwanira akatumbu oba m'mono, ngati akutukwana ana a mnansi.

Padziwe lalikulu anakweza dzanja. Kutsogolo kunali timakutu tingapo pamwamba pa madzi. Anagogoda m'mbali mwa bwato ndi nkhafi, go, go, go.

"Mukuziitana?" ananong'ona a Isake.

"Ndikuodira. Mvuu imada mlendo wolowa osaodira."

Yaikulu inayasamula, inafwenthera madzi m'mwamba. Kamwana kanali katatsamira pamsana pa make. Anadutsa chakumbali, bango likuwakwapula kumaso, a Isake akutchula mayina a makolo awo mmodzimmodzi.

Kumunsi kwa dziwelo kunali mchenga, ndipo pamchengapo panagona ng'ona. Inali yaitali kuposa bwato. Sinathawe. Inangotsegula diso limodzi, mimba yake itayala mbali zonse. Bwato linadutsa pang'onopang'ono, amuna awiriwo osayang'anana.

"Alamu," anatero a Isake atapitirira, "mimba ija..."

"Ng'ona zonse zimaoneka zokhuta."

Koma nkhafi ya a Elifala inaphonya madzi, inagunda m'mbali mwa bwato.

Dzuwa lili paliwombo anayamba kumva mkokomo wa mathithi, kumene bwato silipitirira. Nkhwazi inali pamwamba pa mkuyu wopendekera m'madzi, inaponya mutu kumbuyo nilira. Pansi pa mkuyuwo, m'mizu, munakodwa zinthu zambiri: chigubu chosweka, mapesi, nthambi. Pakati pake panaoneka nsalu.

Masiku amenewo zipani zinali zitangochuluka, ndipo chilichonse chinkagawa zitenje pamisonkhano. A Faines ankalandira zonse. Ziwiri za zipani zodana anazilumikiza ndi singano kukhala chimodzi. "Agone pamodzi," ankatero, "aone mmene banja limawawira." Chitenje chotero m'dziko lonse chinali chimodzi.

A Elifala anachikoka pang'onopang'ono. Chinabwera chopepuka. Anavula malaya, anatsikira m'madzi mpaka m'khosi, napapasa m'mizu yonse ndi manja ndi mapazi, a Isake akukuwa kuti atuluke, ng'ona ili pafupi. Anamira, anatumphuka, anamiranso. Anatuluka ndi matope okha.

Anakhala m'bwato, madzi akutsika m'ndevu, akuyang'ana kumene mtsinje unkagwera m'miyala nkusanduka utsi. A Isake sanawafulumize. Amene analira anali a Isakewo, mokweza ngati mwana, nkhope ataikwirira m'chitenje chonyowacho.

"Tikhoza kutsika wapansi," anatero a Isake atapukuta maso. "Mawa. Ndikawauza anthu adikire."

A Elifala anayang'ana dzuwa. Linali litapendeka.

"Ayi, alamu. Apita kunyanja, kwathu. Anakana kukaonako zaka zonsezi." Anatola nsungwi. "Koma adzukulu asadule thunthu lija. Sakudziwa msinkhu."

Kubwerera kunali kolimba. Anakwera mtsinje chakumbali, kumene madzi alibe mphamvu, akukankha ndi nsungwi, mapewa akuyaka. Ng'ona ija inali itachoka, patatsala mkwasa wa mchira pamchenga. Mvuu zinawalola. Kumapiri mitambo inali kusonkhananso, yakuda bii.

Atafika, sanakocheze kumudzi. Anakocheza tsidya, kudimba. Maungu anali atayanga mpaka m'njira, ndipo khasu la a Faines linali chitsamire pachitsa pomwe analisiya. Kumapeto kwa dimbalo kunali nthochi zimene anabzala chaka chimene Vinsenti anabadwa.

A Elifala anayenda pakati pake akugwira thunthu ili ndi ilo. Lina linali lonenepa kwambiri, lina lowonda. Anasankha limodzi, analidula ndi chikwanje, anasadza masamba. Analiimika patsogolo pawo, pafupi, ngati munthu amene akulankhula naye. Linawafika pachibwano. Anadulako pang'ono, analiimikanso. Linafika paphewa.

Anayala chitenje chija paudzu, analikulunga, namanga ndi luzi kumutu, pakati ndi kumiyendo. A Isake anagwira kumiyendo, iwo kumutu, natsika nalo kudooko. Analigoneka pakati pa bwato, a Elifala napinda malaya awo kuika kumutu.

Anapalasa mosafulumira, bwato osagwedezeka. Litagunda mchenga wa kumudzi, anatsika, analikokera kumtunda, namanga chingwe pachitsa.