Katambala ka Kutsidya kwa Dambo

Chinali chaka cha 1959, ndili ndi zaka khumi, kwathu ku Ntaja. Nkhaniyi ndinakhala nayo zaka zoposa makumi asanu osauza munthu. Ndikuilemba muno mu Masiphumelele, mudzi wa kudziko la eni kumene ndinabwera kudzagwira ntchito, chifukwa cha buku limodzi.

Analilemba mayi ena a ku Kommetjie amene ndakhala ndikuwasamalira maluwa kuyambira 2011. Ntchito yawo ndi kulemba za khalidwe la anthu, chomwe chimatinamitsa, chomwe chimatikwiyitsa. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5, ndipo kutama munthu sindinazolowere. Koma mayiwa amaona. Bukulo ndinaliwerenga miyezi inayi, chala pamzere, mdzukulu wanga akundimasulira mawu ovuta. Mutu umodzi unandiimitsa. Mfundo yake inali yakuti mwana woopa mkwapulo saphunzira kuleka cholakwa, amaphunzira kubisa. Nditatseka bukulo ndinamva fungo la khola la nkhuku la kwathu.

Chaka chimenecho chitopa chinagwa kutsidya kwa dambo. Bambo analamula kuti nkhuku ya kumeneko, ngakhale nthenga yake, isafike pabwalo pathu. Bambo sankabwereza mawu. Chobwereza chinali chikoti chomwe chinkapachikidwa pakhonde.

Koma mnzanga Saidi, wa kutsidyako, anali ndi katambala kofiira, nthenga zake zonyezimira ngati mkuwa. Ndinasinthanitsa ndi legeni yanga. Masana ndinkakavundikira m'dengu kuseri kwa nkhokwe. Dzuwa likamalowa, poopa vumbwe, ndinkakalowetsa m'khola kuti kagone ndi zinzake. Ndinkadziona wochenjera kwambiri.

M'mawa wa tsiku lachitatu ndinakapeza kali zyoli, mapiko pansi, kakuwodzera, dovu likutuluka kukamwa. Ndinadziwa. Mwana aliyense ankachidziwa chitopa. Bambo anali pakhonde akusema mpini, tizibenthu tikugwera pamapazi awo.

"Iwe Yusufu, waima ngati chitsa bwanji? M'mimba?"

"Ayi, bambo."

"Ndiye kathire madeya, nkhuku sizidya nkhope yako."

Ndinatsala pang'ono kuulula. Ndikadanena pomwepo, bambo akadatsekera padera nkhuku zolera anapiye zomwe zinkagona kukhitchini, zam'kholamo n'kuzipha zikadali bwino kuti tidye nyama. Ndinayang'ana chikoti. Kenako ndinathira madeya, nkhuku zonse zinathamangira mbale imodzi. Katambala kanafa masana, ndinakakwirira pachulu.

Sabata isanathe zinayamba kugwa. Mayi anasakaniza tsabola ndi phulusa m'madzi, n'kumazimwetsa imodziimodzi, akuzinyengerera ngati ana. Sizinathandize. M'mawa uliwonse ine ndemwe ndinkatumidwa kukatola zakufa, miyendo itauma, nyerere zili m'maso. Bambo anati matendawo abwera ndi mphepo ya kutsidya. Anamwalira akukhulupirira zimenezo.

Ana anga asanu ndinawalera ndi mkwapulo, ndipo ndinkanyada kuti palibe amene amandiyankha. Masiku ano ndimadzifunsa kuti iwo anandibisira zingati. Mdzukulu wanga akaswa kapu amathamanga yekha kukawauza amayi ake. Poyamba ndinkati ndi kusaleredwa. Pano sinditeronso.

Tsiku lina ndikudulira maluwa, mphepo ya kunyanja ikuwomba ngati mwa nthawi zonse, mayi aja anandibweretsera tiyi. Ndinawauza kuti buku lawo ndamaliza, ndipo pa tsamba lina sananame. Anafunsa tsamba lake. M'malo mwake ndinawauza za katambala, m'Chingerezi changa chothyokathyoka. Ndinkadikira kuti andiweruze, kapena aweruze bambo. Sanatero. Anamvetsera mpaka tiyi anazizira, kenako anangofunsa funso limodzi.

"A Yusufu, zinafa zingati?"

Sindinachedwe kuyankha. Zazikazi khumi ndi zinayi. Atambala awiri. Anapiye khumi ndi mmodzi. Chaka chonse pakhomo pathu sipanalire tambala.