Pamzere wa Ana Ndinalemba "Palibe"

Mwana wanga akusewera pabwalo apa, ndipo chiyambire m'mawa ndamugwira pamphumi kanayi. Sakutentha. Ndikudziwa kuti sakutentha, koma manja sakhazikika. Ndakhala chonchi chibwerere ku Halale, ndipo chifukwa chake sindinauzepo munthu wakwathu.

Ndinkaphunzitsa pasukulu ya mishoni kufupi ndi Nsanama, setifiketi yanga ya uphunzitsi ili m'sutikesi, pamene kalata inabwera yoti andisankha kukawonjezera maphunziro ku Halale zaka ziwiri. Mwana anali akuyamwabe. Bambo ake anali ku Joni, kumigodi, ndipo chipitire sanalembe ngakhale kakalata.

Kuti ndiloledwe kulowa m'dziko la eni ngati wophunzira, pankafunika chiphaso cha boma. Kuti ndipeze chiphasocho pankafunika chipsera cha katemera wa nthomba, kalata ya dokotala, chithunzi, ndi fomu yosainidwa ndi wondiyang'anira. Zitatu zoyambazo zinatheka msanga. Za wondiyang'anira sindinafunse n'komwe, ndifunsirenji? Kwathu mwini mbumba ndi amjomba, alongo awo a amayi. Ndiwo anandilowetsa sukulu, ndiwonso anakhala pa ukwati wanga. Ndinawapeza pakhonde pa sitolo pamene amasokera zovala.

"Zilembo zanga n'za Chiarabu," anatero akuseka. "Mzungu aziyesa nyerere. Bweretsa inki ndidinde chala." Atadinda anapukutira pakansalu. "Chambone, zili bwino. Pita ukaphunzire. Mwanayu ndi wathu, si wa ku Joni."

Ku boma, kalaliki anayang'ana chalacho nthawi yaitali.

"N'cha amuna anu ichi?"

"Iyayi, n'cha amjomba."

"Mayi, boma silinakwatire chikamwini. Silidziwa mjomba. Mkazi wapabanja amamusainira mwamuna wake."

"Ali ku Joni."

"Alembereni."

"Ndilembere kuti? Mgodi wake sindiudziwa. Sitima yanga ndi ya sabata yamawa."

Anakanda kumutu ndi pensulo, kenako anatsitsa mawu. "Akakhala mtsikana wosakwatiwa, bambo ake anamwalira, pamenepo chala cha amjomba chimagwira ntchito. Koma ine sindinanene kanthu." Anandikankhira fomu yatsopano.

Bambo anga anamwaliradi. Ukwati wathu unali wa ankhoswe, sunalembedwe m'buku lililonse, tinkadikira amuna anga abwere tikadalitse kutchalitchi. Ndinadziuza zonsezi nditakhala pansi pa mtengo panja pa ofesi. Pamzere wa ukwati ndinalemba "wosakwatiwa". Pansi pake panali mzere wa ana. Wosakwatiwa wa mishoni akhala bwanji ndi mwana? Ndinalemba "palibe". Amjomba anadindanso chala, ndipo sindinawawerengere.

Amayi anandipaka tsabola kumawere kuti mwana aleke kuyamwa. Analira masiku awiri, akundiyang'ana ngati ndamutsina. Ndinawoloka Shire pa pantoni, ndinakwera sitima ku Balaka nditamanga chifuwa ndi mpango, mkaka ukudutsabe pabulauzi mpaka tinapitirira Limbe.

Tsiku loyamba kusukuluko, mkulu wa sukulu, mayi wachizungu, anatiwerengera malamulo oteteza ife ochokera kunja. Ukadwala, chipatala n'chaulere. Wapolisi akakuimitsa m'tauni, umuonetse chiphaso, sangakugwire. Ndipo kholo lako, mwamuna wako kapena mwana wako akadwala kwakayakaya, akupatsa tikiti yopita ndi kubwera, malo ako akusungira. Anzanga anaomba m'manja. Ine sindinaombe nawo.

Mwezi wachisanu ndili kumeneko kunabwera kalata imene amjomba analembetsa kwa mnzanga wophunzitsa naye. Mwana ali ndi chikuku, maso atsekeka, sakudya. Ndinayenda nayo m'thumba masiku atatu. M'kalasi ndinkakhala, kudzuka, kupita pazenera, kukhalanso. Ndinaululira mnzanga wina wa ku Zomba amene tinkagona chipinda chimodzi.

"Iwenso ndiwe wopusa," anatero. "Kanene kuti akudwala ndi amayi ako. Adzakawaona ndani?"

Nzeru inali yabwino. Koma kunenera amayi amoyo matenda a imfa ndi kuwalodza ndi pakamwa. Komanso ndinali nditayamba kuganiza kuti chikukucho ndinachiitana ndine: munthu ukalemba kuti mwana palibe, Mulungu angathe kungovomereza. Kumukana mwanayo kachiwiri ndinaopa.

Ndinagogoda kwa mkulu uja n'kunena zonse. Sanakalipe. Anatulutsa fomu yanga, anaiwerenga, n'kunena kuti lamulo limateteza zimene zinalembedwa. Chiphaso chopezeka ndi bodza sichiphaso, ndipo iye ayenera kudziwitsa boma. Tikiti anandipatsa, koma yopita yokha.

Ku Balaka ndinapeza amjomba akudikira ndi njinga. Ndisanatsike bwinobwino anakuwa, "Ali moyo! Wayamba kumwa phala!" Ndinakhala pasutikesi anthu akundilambalala. Kunyumba mwana ndinamupeza khungu likusupuka, wowonda, koma maso ali otsegula.

Panjira paja amjomba anafunsa kuti kusukulu ndibwerera liti. Ndinati a kusukuluko adzalemba kalata. Papita miyezi inayi tsopano. A mishoni anamva kale, anangondibwezera kalasi yanga osanena zambiri, koma kumudzi onse akudziwa kuti ndili patchuthi. Tsiku lililonse la msika ndimazungulira kuseri kwa masitolo kuti ndisadutse pakhonde paja. Dzulo amjomba anandiona ndithu. Anandikodola, anatulutsa tepi, n'kundiyeza m'mapewa.

"Amati ku Halale kumazizira mwezi wa Juni," anatero. "Ndikusokera jekete. Usakandichititse manyazi kwa Azezuru, eni dzikolo."

Ndinaimika manja kuti ayeze bwino.