Khanda Lobwereka la Sewero la Khrisimasi

Kwathu kunali ku Mozambiki, kutsidya kwa nyanja ya Chilwa. Tchalitchi chathu chinali chofolera udzu, ndipo wansembe anali atasiya kubwera chifukwa cha nkhondo. Zidole za Khrisimasi tinalibe. Tinkachita sewero, ndipo Yesu ankakhala khanda lenileni, lobwereka kwa mayi amene wabereka kumene.

Chaka chimenecho Maria ndinali ine. Ndinali ndisanathe msinkhu. Sanandisankhe chifukwa cha kuyera mtima ayi. Anzanga onse ankaphulika kuseka mngelo akangotsegula pakamwa, ine ndinkatha kudzigwira. Khanda linali Paulo, mwana wa a Rozina, oyandikana nafe nyumba.

Linali Lamulungu lomaliza la Adiventi, masana, mvula itangokata. Tinkayeserera. A Rozina anayamwitsa mwana, kumuika m'manja mwanga, n'kutsikira kudambo ndi amayi anga kukamweta udzu woyala m'khola.

Herode anali pakati pokalipa, atavala chisoti cha katoni. Kunja kunamveka kuthetheka ngati chimanga pachiwaya. Ine ndinkayesa anyamata awonjezera zawo mu sewero. Woyamba kudumphira pazenera anali Herode yemweyo.

Mfuti zinkalira cha kudambo. Choncho ndinathawira kwina. Nsalu yabuluu yomwe ndinafunda kumutu ndinaberekera mwana, ndikuthamanga. Mfundo ndinaimangira pakhosi, ndipo inandinyula khungu.

Ndinatsata anthu omwe sindinkawadziwa mpaka m'mabango a kunyanja. Tinakhala m'madzi ofika m'mawondo. Misundu inatikakamira m'miyendo. Paulo atayamba kulira, anthu onse anatembenukira kwa ine. Agogo ena anandinong'oneza mwaukali kuti ndimupatse bere. Ndinawayang'ana, iwo anayang'ana pachifuwa panga, ndipo anatseka pakamwa.

Mayi wina amene anali ndi wake kumsana anatambasula manja n'kumulandira. Paulo anayamwa mpaka kugona. Apo m'pamene ndinazindikira ntchito yanga. Mwanayu ndinabwereka, ndipo ndinayenera kumubweza ali wamoyo.

Amayi ankakonda kundilozera phiri lalitali la kutsidya kwa nyanja, n'kunena kuti mng'ono wawo, amayi aang'ono a Emilida, anakwatiwa kumunsi kwake, ku Matawale m'tauni ya Zomba. Kwina kopita sindinkakudziwa. Msodzi wina anatikweza m'bwato lonunkha matemba. Ankalikankha ndi nsungwi yaitali. Ndinadabwa kuti nyanja yaikulu chonchija nsungwi inkafika pansi.

Kuyambira pa doko la Kachulu ndinayenda wapansi. Ndinaphunzira kuyang'ana akazi pachifuwa ndisanawapatse moni. Ndikaona matewera pachingwe, ndinkakhota n'kugwada pakhomo. Ena ankakana, ati mwana wa eni sayamwitsidwa chisawawa. Sindinawakwiyire, koma ndinkalira ndikachokapo. Ena ankamulandira, n'kundipatsanso mango kapena chinangwa. Aliyense ndinkamuuza zofanana: mwanayu ndi wa a Rozina, ndikupita naye ku Matawale.

Khrisimasi inandipeza panjira. Ndinaidziwira ku ng'oma ndi ana ovala zatsopano. Paulo anali atayamba kutsegula m'mimba, ndipo liwombo lake linali litalowa. Kulira kwake kunachepa. Ndinkachita mantha ndi kachetechete kameneko kuposa mfuti.

Amayi aang'ono ndinawapeza pofunsa amayi ogulitsa makala. Atandiona anandizindikira ndi mphumi, ati ndi ya mkulu wawo. Sanandifunse zambiri. Anathamanga naye mwana kuchipatala, kenako anakauza amayi a m'limana lawo, gulu la mabanja opemphera pamodzi. Awiri mwa iwo anali oyamwitsa, ndipo anagawana Paulo, wina m'mawa, wina madzulo.

Zomba inandizunguza mutu. Phiri lija, poliyandikira, linali ndi mitengo ya paini yoima m'mizere ngati chimanga. Mitambo inkatsika n'kulimeza theka. Ndinkafunsa kuti anthu okhala pamwambapo amapuma bwanji.

Koma chimene chinandidabwitsa koposa chinali khola la m'tchalitchi cha parishi. Munali Maria wadothi, Yosefe wadothi, ng'ombe yothyoka nyanga. Khanda nalonso linali ladothi, lotuwa, manja lili tambasu. Ndinadikira anthu atuluke n'kulikhudza phazi. Linali lozizira. Ndinaganiza kuti anthu a kuno ndi ochenjera. Wawoyu salira, safuna bere, ndipo amake sangamusowe.

Patangopita masiku ochepa chichitikire Khrisimasi, panali Misa ya Ana Osalakwa, aja anaphedwa ndi Herode. Kwathu tsikuli sitinkalidziwa. Sewero lathu linkathera pa mphatso, tonse n'kuvina. Ndinamvetsera mpaka kumapeto, ndikufuna kumva ngati amayi a ana aja anathawa, ndi kumene anathawira. Bambo mfumu sananene.

Anzeru a Kum'mawa anali atawaimika kutali, pafupi ndi chitseko. Tsiku lililonse mkulu wosamala tchalitchi ankawasendeza pang'ono. Ndinkapita kukaona pomwe afika. Ndinkadziuza kuti a Rozina nawonso akusendera choncho. Anzeru aja anafika pakhola pa chikondwerero chawo, anthu anaimba, koma a Rozina sanaoneke. Paulo anali atayambanso kulira mokweza, ndipo masaya ankabwerera.

A Rozina anafika Lamulungu la Ubatizo wa Ambuye, tsiku lopasula khola. Misa itatha, anyamata ankatulutsa udzu, zidole akuzikulunga m'manyuzipepala. Pakhomo panaima mayi wowonda, wopanda mpango, mapazi otupa. Ndinamuzindikira atatchula dzina langa.

Anali atayenda khomo ndi khomo kuchokera ku Kachulu, akufunsa za mtsikana wa nsalu yabuluu. Mayi aliyense amene anayamwitsa Paulo ankawalozera kwa wotsatira.

Ndinamasula mfundo n'kuwapatsa mwana wawo. Anakhala pansi pomwepo n'kumuika kubere. Mkaka unali utauma. Paulo anakoka, anakwiya, koma iwo sanamuchotse.

Msana wanga unapepuka mpaka ndinamva kuzizira. Ndinayang'ana kumbuyo kwawo, kumsewu. Kunalibe wina.

"Nanga amayi?"

A Rozina sanadzutse mutu.

"Mfuti zitayamba tinali limodzi kudambo. Amayi ako anandikankha. Anati, 'Iwe thawa, sunalimbe. Ine ndikawatenga onse awiri.' Anabwerera kutchalitchi, mwanawe. Ndinawadikira m'mabango mpaka udzu wa denga unasiya kufuka."

Ine ndinakulira kwa amayi aang'ono. A Rozina anamwalira ali okalamba, ku Sadzi. Paulo alipo, ali ndi imvi, amagulitsa zipatso pamsewu wokwera kuphiri, ndipo ana ake amanditcha azakhali. Nkhondo itatha ndinawoloka nyanja kukafunsa. Pamene panali tchalitchi panali patamera nsenjere. Palibe amene anatha kundilozera pomwe amayi anagona.