Pasiwedi yomwe kunalibe

Lachiwiri lapitali ndinanama. Osati bodza lija timanama tonse pa foni loti “ndili pafupi” munthu usanavale ndi nsapato zomwe, ayi. Bodza lenileni, maso ali gwa, pakhonde panga, dzuwa likuswa mtengo.

Ndiyambe poyambira. Mwana wanga Thoko alemba mayeso a Fomu 4 chaka chino. Kuntchito kwathu ku Kanengo kuli intaneti, ndiye nthawi ya nkhomaliro, anzanga akamakangana za mpira, ine ndimakhala ndikumukoperako mabuku ndi mavidiyo a sayansi ndi masamu. Ndi zinthu zomwe aphunzitsi a m'mayiko ena analemba n'kuika poyera kuti aliyense atenge ulere. Foni yanga inadzaza mpaka ndinafufuta nyimbo zanga za kwaya.

Kuseri kwa nyumba yathu ku Area 25 kumakhala amake Esinati, mayi a ku Thyolo, ogulitsa masamba pamsika. Mwana wawo Esinati akulembanso mayeso omwewa, kachiwiri. Chaka chatha sayansi inamugwetsa. Amaphunzira sukulu ya masana ija buku limodzi limazungulira kalasi yonse, ndipo malume ake omwe amamuthandiza ananeneratu kuti akalepheranso, basi, abwerere kumudzi akathyole tiyi.

Ndiye Lachiwiri lija ndinali pa tchuthi, mayiwa anafika pakhomo, chitenje akuchikonzakonza m'chiuno.

“Odi, bambo a Thoko. Pepani ndakusokonezani. Ndamva kuti muli ndi mabuku mu foni. Simungamuponyereko Esinati? Akuti zimatheka ngakhale popanda bandulo.”

Zimathekadi. Kungoyandikizitsa mafoni awiri, madzi a tiyi asanawire zonse zawoloka.

Koma pakamwa panga panatuluka zina.

“Aaa, amayi, pepani kwambiri. Zimenezi zimafuna pasiwedi. Ndi za ku ofesi.”

Tamvani, abale: amene anapepesa zenizeni ndi iwo. Anapepesa kawiri konse, n'kuwerama pang'ono, n'kubwerera kwawo.

Thoko anali m'nyumba, anamva zonse. Sanakalipe, poti ndinamulera bwino. Anangotenga foni ija, kutsegula tsamba loyamba la buku la sayansi, n'kuyamba kuwerenga mokweza zomwe eni ake analemba. Atatha anazimasulira m'Chichewa, pang'onopang'ono, ngati kuti bambo ake sindinapondeko m'kalasi: aliyense akhoza kulikopera, kuligawa, kulisintha kaya kulimasulira m'chinenero chake, bola asaiwale kutchula amene analilemba.

“Adadi,” anatero, “kapena ndine amene Chizungu chikundivuta?”



Ndinanamiranji? Ndadzifunsa sabata yonse, ndipo yankho lake silikoma. Ndinkafuna Thoko akhale patsogolo. Malo ku yunivesite ndi ochepa, tonse tikudziwa, ndiye penapake m'mutu mwangamu munali kamawu koti Esinati akadziwa zomwe Thoko akudziwa, mpando wa mwana wanga wapita. Mwana wa mayi wogulitsa chisoso ndi bonongwe, ine bambo wa ndevu zaimvi n'kumuona ngati mdani. Kalanga ine.

Musandiseke kwambiri, chifukwa matendawa si anga ndekha. Ambiri tinakula nawo. Ndani sakumbukira mnyamata uja wa m'kalasi mwathu amene ankaphimba kope ndi chigongono? Nanga mabuku a m'laibulale aja, umafika pa mutu womwe ukubwera pa mayeso n'kupeza masamba ake munthu anathothola kalekale? Sankathothola kuti awerenge yekha basi. Ankathothola kuti iwe usawerenge.

Lero zangosintha malaya. Alipo aphunzitsi ena, sindikuti onse, amene mutu wovuta amaulumpha m'kalasi n'kukausungira ana obwera ku patitaimu. Alipo ena amene amatenga mabuku aulere omwewa, kuwasindikiza, kuchotsa dzina la mwini wake, kumata lawo pachikuto n'kumagulitsa pageti la sukulu. Ndipo tilipo ife makolo, a mapasiwedi opeka.

Pamene ife tikubisa, kunjaku anthu akutsegula zitseko. Chaka ndi chaka zinthu zophunzirira zaulere zikungochuluka: mabuku athunthu, maphunziro a m'masukulu aukachenjede, mavidiyo oonetsa zomwe mwana wa ku Mgona sadzaziona mu labu ya sayansi chifukwa labuyo kulibe. Munthu amene sadziwa ngakhale komwe kuli Chinsapo anakhala pansi, kutuluka thukuta, kulemba buku, n'kunena kuti tengani. Bukulo linawoloka nyanja bwinobwino, palibe analiimitsa pa malire. Linadzakanirira pa mpanda wa udzu wa pakati pa ine ndi amake Esinati.

Ndikudziwa ena muti zaulerezo si zaulere kwenikweni. Zoona. Bandulo imaluma, magetsi amabwera ngati mlendo, ndipo nyumba zambiri foni ndi imodzi, imene masana imapita kumsika ndi mayi. Komanso zitsanzo za m'mabukumo nthawi zina zimakamba za chisanu choundana ndi zipatso zomwe ana athu sanazilaweko. Koma si chifukwa chake amene tili ndi mwayi wa intaneti ya kuntchito tiyenera kugawira anzathu? Eni ake anatilola ngakhale kumasulira m'Chichewa. Ndi angati mwa ife ophunzira, amene timatafuna Chizungu pa ukwati ndi pamaliro pomwe, tinamasulirapo tsamba limodzi? Kutenga timatenga ndi manja awiri. Kuikapo chathu, manja amalowa m'thumba.

Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambiwu ndimaudziwa, ndinaugwiritsapo ntchito pa msonkhano wa makolo kusukulu, anthu n'kuwomba m'manja.

Lachinayi m'mawa magetsi anazima. Makala athu anali atanyowa ndi mvula, machesi atatha, Thoko akuyenera kumwa tiyi asanapite kusukulu. Mayi a kunyumba anandipatsa chivindikiro cha poto wakale.

“Kapaleni moto kwa amake Esinati. Kapena nakonso kumafuna pasiwedi?”

Nkhani inali itawafika.

Ndinazungulira mpanda uja. Ndinapeza mbaula yawo ili ngwee, madzi ali pamoto. Sanandifunse funso. Anaphula poto, kusankha makala ofiira bwino, kundidzazira chivindikiro, n'kuwonjezerapo awiri ouma “oti mukolezere.” Anakupiza mbaula yawo ndi katoni kawiri katatu, moto unabwerera mwakale, ngati sanachotsepo kanthu.

Ndili chiimire ndi moto wawo m'manja, anati:

“Za tsiku lija musadandaule, bambo a Thoko. Ndinamuuza Esinati kuti zinthu zimenezo n'za anthu a m'maofesi, asamaziikire kumtima. Aliyense ali ndi pake. Akalephera, tiyi nayenso ndi ntchito.”

Ha! Mawu amenewo anandiotcha kuposa chivindikiro. Ine ndinkaganiza kuti ndangomana mwana mabuku. Kodi si ndinamuphunzitsa phunziro lathunthu: kuti chitseko chomwe anthu anamutsegulira n'chokhoma, ndipo asavutike n'kugogoda? Mayi ake anakhulupirira, chifukwa ananena ndi bambo wophunzira, wovala taye.

Ndinakasiya moto kunyumba, kutenga foni, n'kubwerera. Esinati anali akutsuka mabeseni a kumsika. Anapukuta manja pa siketi, kukatenga foni ya mayi ake, tinakhala pa kabenchi mafoni ali phewa ndi phewa. Mabuku anayamba kuwoloka, limodzi limodzi. Yanga sinapepuke ngakhale ndi tsamba limodzi, za Thoko zonse zinali momwemo.

Miyezi yatsala pang'ono kuti mayeso ayambe. Kaya zimuthandiza mokwanira, kaya malume a ku Thyolo apambanabe, sindikudziwa. Masiku awiri omwe ndinamubera sindingamubwezere.

Zitatha kulowa, mwanayo anagwada pang'ono kuthokoza. Kenako anatenga cholembera, kutambasula chikhatho chake kuti alembepo, n'kundiyang'ana mwaulemu wonse.

“Ankolo, ndiye pasiwedi ija ndi chiyani?”

Mayi ake anasiya kukupiza mbaula, akudikira nawo yankho.

Inu owerenga, mukanakhala ine mukanayang'ana kuti?